Kukulitsa minofu ndi kuwonjezera mphamvu popanda kunyamula zitsulo

Munthu amene alibe ndalama zolipira ku jimu, kapena amene amakhala kutali ndi malo otero, angathe kukulitsa minofu ndi kuwonjezera mphamvu pogwiritsa ntchito kulemera kwa thupi lake lokha. Mnofu umakula ukapatsidwa ntchito yolemetsa mpaka kutsala pang'ono kulephera, kenaka n'kulandira chakudya ndi mpumulo wokwanira, ndipo zilibe kanthu kuti kulemerako kwachokera ku chitsulo kapena ku thupi la munthu mwini. Mu 2017 ofufuza a ku Japan anayerekeza magulu awiri a anyamata kwa masabata 8. Gulu lina linkachita mapushapu, lina linkakankha chitsulo cholemera molingana ndi mapushapuwo atagona chagada pa benchi, ndipo minofu ya pachifuwa ndi ya kumbuyo kwa mkono inakula mofanana m'magulu onse awiri.

Chimene chimalepheretsa anthu ambiri ndi chizolowezi chongowonjezera chiwerengero. Munthu amayamba ndi mapushapu 15, amafika pa 40, kenaka pa 80, ndipo amadabwa kuti chifuwa chake chinasiya kusintha kalekale. Chifukwa chake n'chakuti sewero limene mungalibwereze maulendo opitirira 30 osapuma lakhala lopepuka kwa inu, ndipo tsopano likukuphunzitsani kupirira m'malo mokukulitsani. Wonyamula zitsulo zinthu zikamupepukira amangowonjezera chitsulo china. Inu amene mulibe chitsulo muyenera kudziwa njira zolemetsera sewero lomwelo, ndipo luso lonse la masewera amenewa lagona pamenepa.

Mmene ntchito iyenera kulemerera

Kubwereza sewero maulendo angapo motsatizana osapuma kumatchedwa seti. Seti yokulitsa mnofu ingakhale ya maulendo 5 mpaka 30, malinga ngati maulendo omalizira akuvuta kwenikweni. Muzisiya pamene mukuona kuti mwatsala ndi mphamvu yobwereza kamodzi, kawiri kapena katatu kokha musanalephere. Mukasiya mudakali ndi mphamvu yobwereza ka 10, seti imeneyo yathandiza pang'ono chabe. Mukamakakamiza mpaka chiuno kugwa ndi khosi kupindika, mukuika mfundo za mafupa pa ngozi popanda phindu lina loonjezera. Amene akufuna mphamvu makamaka asankhe mtundu wa sewero umene angaubwereze maulendo 5 mpaka 8 okha, pamene wofuna kukula kwa minofu angakhazikike pa maulendo 8 mpaka 20.

Pali njira zinayi zolemetsera sewero. Mungasinthe kapendekekedwe ka thupi kuti kulemera kwambiri kugwere pa minofu imene ikugwira ntchito. Mungasamutsire ntchito ya manja awiri kapena miyendo iwiri pa mbali imodzi. Mungatalikitse mtunda umene thupi likuyenda, monga kutsika mozama kuposa kale. Mungachepetsenso liwiro, kutsika kwa masekondi 3 kapena 4 ndi kuima pang'ono pamalo povuta. Njira ziwiri zoyambirirazo ndizo zimapititsa munthu patali, pamene kuchepetsa liwiro kumathandiza kwambiri pa nthawi imene sewero lina lapepuka koma lotsatira likadali lolemera kuposa mphamvu zanu.

Kukankha

Pushapu yolongosoka imayamba ndi zikhatho pansi, zotalikirana pang'ono kuposa mapewa, ndipo thupi likhale lowongoka kuyambira kumutu mpaka ku zidendene. Limbitsani pamimba ndi matako kuti chiuno chisagwe. Potsika, zigongono zisatambasukire m'mbali molunjika ndi mapewa, koma ziloze chakumbuyo pang'ono, ndipo chifuwa chifike pafupi kukhudza pansi musanakankhe mpaka mikono itawongoka. Mapushapu 10 otsika mpaka pansi amaposa mapushapu 30 ongogwedeza mutu.

Kupendekeka kwa thupi kumasintha kulemera kwa pushapu kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa pushapu wamba, manja amanyamula pafupifupi 64 peresenti ya kulemera kwa thupi. Mukagwada, amanyamula pafupifupi 49 peresenti. Mukaika manja pamalo okwera masentimita 60, kulemerako kumatsika kufika cha m'ma 41 peresenti, ndipo mukakweza mapazi pamalo omwewo manja ali pansi, kumafika cha m'ma 74 peresenti. Motero munthu wa makilogalamu 70 amakankha pafupifupi makilogalamu 45 pa pushapu wamba, ndi makilogalamu oposa 50 mapazi akakwezedwa pa mpando.

Woyamba kumene ayambire pa khoma kapena pa tebulo lolimba, atsikire pa mpando, kenaka pa sitepe ya khonde, mpaka afike pansi. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kugwada chifukwa imaphunzitsa thupi kukhala lowongoka kuyambira tsiku loyamba. Amene wazolowera pushapu wamba akweze mapazi, kenaka ayandikizitse manja pansi pa chifuwa kuti ntchito yambiri ipite kumbuyo kwa mkono. Akatero atambasule manja kwambiri n'kumatsikira ku dzanja limodzi, mkono winawo uli wowongoka kumbali ngati chothandizira chabe. Kuchoka pamenepo ndiye aphunzire pushapu ya dzanja limodzi, ndipo ayambirenso pa tebulo monga anachitira poyamba, miyendo ataitangadza kuti asagwere kumbali.

Mapewa amafuna kukankhira m'mwamba. Ikani manja ndi mapazi pansi, kwezani chiuno kuti thupi lipindike pakati, ndipo tsitsani mutu kutsogolo pang'ono kwa manja, n'kukankhanso. Zikapepuka ikani mapazi pa mpando, ndipo pomalizira pake, mwina patatha miyezi yambiri, mudzatha kuchita zimenezi mutaima chadodolido mapazi atatsamira khoma. Musathamangire gawo lomalizirali, pakuti manja akalephera mwadzidzidzi, kulemera konse kumagwera pa khosi.

Kukoka

Apa ndi pamene anthu ochita masewera kunyumba amanyalanyaza kwambiri, chifukwa pansi pamakankhika koma sipakokeka. Zotsatira zake n'zakuti chifuwa chimakula pamene msana, kumbuyo kwa mapewa ndi akatumba a m'mikono zikutsalira. Ndikukulangizani kuti seti iliyonse ya kukankha ikhale ndi inzake ya kukoka, ndipo ngati pali chinthu chimodzi choyenera kuwonongerapo ndalama pa masewera onsewa, ndicho chitsulo chopingasa chodzikokerapo. Paipi yolimba yomangidwa pa mizati iwiri yozikidwa bwino m'nthaka, yokwera moti mungaigwire mutanyanyamphira, imakwanira. Nthambi yaikulu ya mtengo wamoyo imagwiranso ntchito, koma muziiyesa kaye polendewera mapazi ali pafupi ndi pansi. Mtanda wa golo la mpira musaudalire pokhapokha mutatsimikiza kuti mizati yake inazikidwa molimba, chifukwa golo losazikika limagwera munthu amene walendewera.

Ngati simungathe kudzikoka ngakhale kamodzi, musataye mtima, pakuti anthu ambiri amayambira pomwepo. Yambani ndi kukoka mutapendekera chagada. Zungulizani chitenje cholimba kapena chingwe pa mzati wa khonde, gwirani mbali zonse ziwiri, ikani mapazi pafupi ndi tsinde la mzatiwo, pendekerani kumbuyo mikono itawongoka, ndipo dzikokereni ku mzati mpaka zigongono zitadutsa nthiti. Mungagonenso pansi pa tebulo lolemera, kugwira m'mphepete mwake, n'kukweza chifuwa mpaka chikafike pa tebulopo. Thupi likamayandikira kugona mopingasa, ntchito imalemera, ndipo mapazi akakwezedwa pa mpando imalemera koposa.

Pa nthawi yomweyo muzizoloweza manja kulendewera pa chitsulo, kuyambira masekondi 15 mpaka mutafika 45 kapena kuposerapo. Kenaka kwerani pa mpando kuti chibwano chikhale pamwamba pa chitsulo, chotsani mapazi, ndipo tsikani pang'onopang'ono kwa masekondi 5. Mnofu umatha kugwira katundu wolemera potsika kuposa amene ungamukweze, ndiye chifukwa chake njira imeneyi imamanga mphamvu mwa munthu amene sanayambe kukwera. Maulendo 3 mpaka 5 pa seti ndi okwanira, chifukwa kutsika kotereku kumasiya kuwawa kwambiri m'minofu. Kudzikoka koyamba kumabwera msanga zikhatho zikayang'ana kwa inu, popeza akatumba amathandiza kwambiri. Zikhatho zikayang'ana kutsogolo ntchito imalemera pang'ono. Mulimonsemo, yambani mikono itawongoka, musagwedeze miyendo kuti ikuponyeni m'mwamba, ndipo kwerani mpaka chibwano chidutse chitsulo. Mukafika maulendo 12 osavutika, muziima masekondi 2 pamwamba, kenaka muzikokera ku dzanja limodzi mosinthanasinthana.

Miyendo

Minofu ya ntchafu ndi matako ndi yaikulu ndiponso yamphamvu, moti kunjuta ndi miyendo iwiri kumapepuka m'masabata ochepa. Phunzirani kaye kunjuta bwino: mapazi atalikirane ngati mapewa, zidendene zisachoke pansi, mawondo alunjike kumene zala za kumapazi zaloza, ndipo mutsike mpaka ntchafu zitafika mopingasa kapena kupitirira. Anthu ena amanena kuti bondo lisapitirire zala za kumapazi, koma kwa munthu wa mawondo abwinobwino kupitirira kumeneko n'kwachibadwa, ndipo kumachitika nthawi zonse potsika masitepe.

Mukatha kunjuta ka 20 mosavuta, samukirani ku mwendo umodzi. Ikani phazi limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, ndipo tsikani mpaka bondo lakumbuyo litatsala pang'ono kukhudza pansi. Zikapepuka ikani phazi lakumbuyo pa mpando, kuti mwendo wakutsogolo usenze pafupifupi thupi lonse. Sewero limeneli ndilo ndimaliona kukhala lopindulitsa kwambiri pa miyendo kwa munthu wopanda zitsulo, chifukwa limalemetsa ntchafu ndi matako popanda kufuna luso lalikulu lodzichirikiza. Gawo lotsatira ndi kukhala pa mpando ndi kudzuka ndi mwendo umodzi, winawo uli m'mwamba kutsogolo. M'kupita kwa nthawi muzisankha chokhalira chachifupi, mpaka mudzathe kunjuta mpaka pansi ndi mwendo umodzi popanda chokhalira.

Kumbuyo kwa ntchafu kumafuna sewero lakelake. Gonani chagada mawondo atapindika, kwezani chiuno mpaka thupi litawongoka kuchokera pa mapewa kufika pa mawondo, ndipo mukazolowera muzichita ndi mwendo umodzi. Lolemera kwambiri ndi lotchedwa Nordic. Gwadani pa chinthu chofewa, mnzanu akugwireni akakolo molimba, ndipo muzigwera kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili lowongoka, mukudziletsa ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu mpaka pamene simungathenso, n'kudzilandira ndi manja. Kafukufuku wa osewera mpira a ku Denmark mu 2011 anaonetsa kuti sewero limeneli limachepetsa kwambiri kuvulala kwa minofu imeneyi, ndipo lilinso m'ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa FIFA 11+, ya bungwe loyendetsa mpira padziko lonse la FIFA. Yambani ndi maulendo 3 okha pa seti. Akatumba a m'miyendo amakula mukamanyanyamphira ndi phazi limodzi m'mphepete mwa sitepe, chidendene chikutsika kupitirira sitepeyo.

Za pamimba sizifuna mawu ambiri. Kukhala wowongoka mutatsamira zigongono ndi zala za kumapazi kwa masekondi 30 mpaka 60, ndiponso kukweza mawondo mutalendewera pa chitsulo, n'kokwanira. Masewera a pamimba amalimbitsa minofu ya pamenepo koma sasungunula mafuta a pamimba pokha. Mafuta amachepa m'thupi lonse munthu akamadya mocheperako kuposa mphamvu zimene akugwiritsa ntchito.

Kukonza sabata

Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, m'malangizo ake a 2020 limalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera olimbitsa minofu yonse ikuluikulu masiku osachepera awiri pa sabata. Kwa wofuna kukula, masiku atatu otalikirana, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndi abwino, chifukwa mnofu umapitiriza kudzimanga kwa maola 24 mpaka 48 ukatha kugwira ntchito yolemetsa. Pa tsiku lililonse la masewera yambani ndi mphindi 5 mpaka 10 zotenthetsa thupi poyenda mofulumira, kuzunguza mapewa ndi chiuno, ndi kuchita mtundu wopepuka wa masewera amene mukufuna kuchitawo. Mukatero chitani sewero limodzi la kukankha, limodzi la kukoka, limodzi la kutsogolo kwa ntchafu, limodzi la kumbuyo kwa ntchafu ndi limodzi la pamimba, maseti atatu pa lililonse, mukupuma pafupifupi mphindi 2 pakati pa maseti. Zonsezi zimatha mphindi 40 kapena 45, ndipo zimapatsa gulu lililonse la minofu maseti 9 pa sabata, omwe ndi okwanira kwa woyamba. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mungawonjezere sewero lachiwiri la kukankha ndi lachiwiri la kukoka.

Khalani ndi kope, ndipo muzilembamo mtundu wa sewero ndi maulendo a seti iliyonse. Lamulo lokwerera n'losavuta: mukafika maulendo 15 olongosoka m'maseti onse atatu, pitani ku mtundu wolemererapo, ngakhale chiwerengero chitsike kufika pa 5 kapena 6, ndipo muyambenso kukwera. Kutsika kwa chiwerengero kumeneku kumawawa mtima kwa munthu amene anazolowera kunyadira mapushapu 50, koma ndi pamenepa pamene mnofu umapezanso chifukwa chokulira. Popanda kope n'zosavuta kubwereza ntchito yofanana kwa theka la chaka uku mukuganiza kuti mukupita patsogolo.

M'masabata oyambirira mphamvu zimakwera msanga minofu isanaoneke kusintha, chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kugwiritsa ntchito bwino minofu imene ilipo kale. Kukula kooneka ndi maso kumayamba kudziwika pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo liwiro lake limasiyana malinga ndi chibadwa, msinkhu ndi kadyedwe.

Chakudya ndi tulo

Zofufuza zambiri zitaphatikizidwa mu 2018 zinaonetsa kuti phindu la mapuloteni pa kukula kwa minofu limafika pachimake cha m'ma magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Munthu wa makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 96. Chiwerengerochi chimaoneka chachikulu, koma chimafikika ndi zakudya za pamsika wamba. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka kapena chambiko pafupifupi 8, magalamu 100 a nyemba, nandolo kapena khobwe wouma ali ndi oposa 20, ndipo magalamu 100 a mtedza ali ndi pafupifupi 25. Usipa, matemba ndi kapenta zouma zili ndi mapuloteni oposa theka la kulemera kwake, ndipo nyama ya soya isanaviikidwe ili ndi pafupifupi theka. Ngakhale ufa wa nsima umathandizirako pang'ono, makamaka mgaiwa. Choncho phala lothira nsinjiro ndi mazira awiri m'mawa, nsima ya usipa masana, mtedza wokazinga madzulo ndi nsima ya nyemba usiku zimamufikitsa munthu wotere pafupi ndi mlingo wake. Chofunika ndi kukulitsa gawo la ndiwo m'mbale ndi kugawa mapuloteni m'zakudya zitatu kapena zinayi, osati kuwadya onse nthawi imodzi.

Munthu wowonda amene akufuna kukula ayeneranso kudya chakudya chochulukirapo ndithu, chifukwa thupi limene likuperewera mphamvu silimanga mnofu mosavuta. Nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa zili ndi ntchito yake pamenepa, pamodzi ndi masamba ndi zipatso. Ufa wa mapuloteni wogulitsidwa m'mabotolo ndi chakudya chabe chokwera mtengo, ndipo amene akudya mokwanira saufuna. Koma majekeseni ndi mapiritsi okulitsa minofu otchedwa ma steroid amene ena amagulitsa mobisa ndi nkhani ina, ndipo ndikukupemphani kuti muwakane. Amakweza kuthamanga kwa magazi, amawononga mtima ndi chiwindi, ndiponso amachepetsa mphamvu yobereka mwa amuna. Tulo ta maola 7 mpaka 9 n'tofunika mofanana ndi chakudya, ndipo mowa wambiri umachedwetsa kudzimanga kwa minofu.

Kuwawa kwabwino ndi kuwawa koopsa

Kuwawa kwa minofu kumene kumayamba tsiku lotsatira, n'kufika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, n'kwachibadwa, makamaka mukayamba sewero latsopano, ndipo kumachepa thupi likazolowera. Si chizindikiro chakuti mwachita bwino, ndipo kusowa kwake sikutanthauza kuti mwalephera. Ululu wobaya m'chigongono, m'phewa, m'bondo kapena pa mfundo ya dzanja ndi wosiyana. Mitsempha yolumikiza mnofu ndi fupa imalimba mochedwa kuposa mnofu weniweniwo, ndipo kawirikawiri ululu wotere umasonyeza kuti mwakwera msanga. Bwererani ku mtundu wopepukirapo umene sukupweteka, ndipo ngati ululu sukutha pakatha masabata awiri, kapena pali kutupa, pitani kuchipatala. Ngati mutachita masewera mopitirira muyeso minofu yatupa kwambiri ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zinthu zotuluka m'minofu yowonongeka zingathe kuwononga impso.

Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amayi oyembekezera, ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwapa akambirane kaye ndi dokotala. Aliyense apewe kubanika mpweya pokankha kapena pokoka, koma azitulutsa mpweya pa gawo lolemera ndi kuukoka pa gawo lotsika. Amayi asaope kuti matupi awo adzasanduka ngati a amuna, popeza mahomoni amene amakulitsa minofu kwambiri ndi ochepa mwa iwo, koma mphamvu ndi kulimba kwa mafupa amazipeza ndithu. Achikulire nawo amapindula kwambiri, chifukwa minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 30, ndipo kuchepako kumafulumira akapitirira zaka 60. Kwa iwo kudzuka pa mpando osagwira ndi manja ndi kukankha khoma ndi poyambira pabwino.

Mukadwala, monga malungo kapena matenda ena otenthetsa thupi, musachite masewera mpaka mutamaliza mankhwala ndipo chilakolako cha chakudya chitabwerera. Mukamayambiranso patatha masabata awiri kapena kuposerapo, tsegulani kope lanu, bwererani gawo limodzi kumbuyo pa sewero lililonse, ndipo m'sabata yoyamba muchite maseti awiri m'malo mwa atatu. Mphamvu zimene zinamangidwa kale zimabwerera msanga kuposa mmene zinamangidwira poyamba, moti m'masabata ochepa mudzakhala mutafika pamene munasiyira.